Ndalama za Boma Zoyesera Nzeru Zatsopano: Kodi Mmisiri wa ku Chigwa Alimo?

Inu aphunzitsi amene mumawerengera anthu nyuzi ino pa misonkhano ya m'midzi, masiku ano pa wailesi pamamveka kawirikawiri mau akuti kafukufuku ndi luso latsopano. Akuluakulu a Boma amawatchula potsegula misonkhano ku Lilongwe, ndipo ambiri a ife kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje tikawamva timangoti imeneyo ndi nkhani ya anthu omanga mataye, siitikhudza ife a khasu ndi bwato. Maganizo otere ngolakwa. Ndalama zimene Boma limapatula kuti zigwire nchito imeneyi, zingachepe chotani, zimachokera mu msonkho umene tonse timalipira pogula sopo pa sitolo kapena mayunitsi a foni. Tsono popeza tiri eni ake, nkoyenera kuti tidziwe chimene ndalamazo zinaikidwira, ndi chifukwa chake mmisiri wa pa Ngabu kapena pa Bangula sazionako kawirikawiri.

Ngongole ndi ndalama zoyesera nzosiyana

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Munthu wofuna kugula mbuzi pa msika wa Bangula kuti akagulitse ku Blantyre amadziwiratu mtengo wogulira, mtengo wa galimoto, ndi mtengo umene akagulitsire. Malonda ake ngodziwika, anthu ambiri anawachita kale. Munthu wotere ngongole imamuyenera, pakuti pakutha pa mwezi adzakhala ndi chobweza.

Koma tiyerekeze mmisiri wowotcherera zitsulo amene waona kuti mapampu oyendera dzuwa amaonongeka msanga akamakoka madzi a matope a mu Shire, ndipo m'mutu mwake mwabwera nzeru ya kasefa kotsekereza mchenga. Kuti nzeruyo ioneke ngati njoona, ayenera kugula zitsulo, apange koyamba, akakamange pa dimba la munthu, adikire. Koyambako kadzatsekeka ndi zinyalala. Adzapanga kachiwiri, kamene mwina kadzachepetsa mphamvu ya madzi kotero kuti mlimi adzakachotsa mokwiya. Kachitatu kapena kachinai ndiko kangagwire bwino, ndipo pofika apo chilimwe chonse chapita, iye osagulitsa kanthu. Mwinanso sikadzagwira konse, pakuti kuyesa ndiko kuchita chinthu chimene mapeto ake palibe akuwadziwa.

Nanga munthu ameneyu akatenga ngongole, kaya ku banki, kaya ku banki m'khonde, kaya kwa a katapila, adzabweza ndi chiani? Wokongoza samva zakuti kasefa kachitatu katsala pang'ono kugwira. Iye afuna ndalama zake ndi chiongoladzanja pa tsiku limene anapangana, ndipo zikasowa atenga chikole, ndiye makina owotcherera aja amene ana amadyerapo. Chotero mmisiri wanzeru, wokonda banja lake, amaisiya nzeru ija m'mutu napitiriza kuwotcherera mafelemu a mawindo. Pa banja lake wachita bwino. Koma alimi a m'mbali mwa mtsinje ataya chinthu chimene sanachione nkomwe, ndipo palibe adzadandaule, popeza munthu salira chimene sanachidziwe.

Palinso china. Tinene kuti kasefa kaja kagwira. Mmisiri mnzake wa pa Nchalo adzagula kamodzi, adzakamasula, ndipo mlungu wamawa adzayamba kupanga kake pa mtengo wotsika, pakuti iye sanataye kanthu poyesa. Alimi adzapindula, otsanzira adzapindula, dziko lidzasunga ndalama zimene zikanapita kunja kukagula zipangizo. Koma mtolo wonse wa kuyesa unasenzedwa ndi munthu mmodzi. Apa ndipo pagona chifukwa chenicheni chimene maboma amalowererapo. Pamene phindu la chinthu ligwera anthu onse, si chilungamo kuti chiopsezo chake chigwere mmodzi. Ndalama zoyesera zimaperekedwa osati kuti zibwezedwe, koma kuti wozilandira achite nchito imene analonjeza, nanene poyera zimene wapeza, zabwino ndi zoipa zomwe.

M'mene anachitira a ku Amereka

Dziko limene linakonza nkhaniyi momveka bwino ndi la Amereka, ndipo nkothandiza kuona m'mene anachitira, ngakhale chuma chao nchosayerekezeka ndi chathu. Mu 1982 nyumba yao ya malamulo inakhazikitsa dongosolo lotchedwa Small Business Innovation Research, pachidule SBIR, President Ronald Reagan nalisainira. Lamulolo linati nthambi iriyonse ya Boma imene imapereka ndalama zoposa madola 100 miliyoni pa chaka kwa anthu akunja kwa nthambiyo kuti aichitire kafukufuku, izipatulako kagawo ka amalonda ang'onoang'ono okha. Kagawoko kanayamba kochepa kwambiri, nikamakwera, mpaka mu 2017 kanafika pa 3.2 mwa 100 aliyense. Nthambi 11 zinalowa m'dongosololi, monga ya zaumoyo, ya ulimi, ya mphamvu ndi ya asilikali. Kwa iwo kampani yaing'ono ndi imene anchito ake sapitirira 500. Kwathu kuno yotere tingaivulire chipewa, koma zimenezo tizisiye.

Chimene chiri chanzeru m'dongosololi ndi kayendetsedwe kake. Nthambi ya Boma ndiyo imayamba kulengeza mabvuto amene ikufuna kuti wina awathetse, ndipo amalonda amapikisana polemba m'mene angawathetsere. Wopambana sapatsidwa thumba lonse tsiku limodzi ai. Poyamba amalandira zochepa, za miyezi 6 kapena chaka, zongoonera ngati nzeru yake ingatheke. Zikaoneka kuti ingatheke, amapikisananso kuti alandire zochulukirapo, za zaka ngati 2, zopangira chinthu chenichenicho ndi kuchiyesa. Pa gawo lachitatu thumba la SBIR limatsekeka: iye adzipezere yekha ogula kapena oika ndalama, ngakhale kuti nthambi ya Boma ija ikhoza kukhala wogula woyamba. Boma silitenga gawo m'kampaniyo, ndipo nzeru imakhalabe ya mwini wake. Kampani ya Qualcomm, imene zipangizo zake ziri m'mafoni ambiri a m'manja, inalandirako ndalama zimenezi iri yaing'ono.

Musaganize kuti kumeneko zonse zinayenda mosalala. Kunabuka makampani amene anazolowera kulemba makalata opambana chaka ndi chaka, osatulutsa chinthu chogulitsika, kotero kuti mu 2022, polikonzanso lamulolo, anaumitsa zofunika kwa iwo amene alandira kambirimbiri. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti paliponse pamene pali ndalama zosabweza pamabadwa akatswiri odzaza mafomu, ndipo si nthawi zonse pamene katswiri wa fomu amakhalanso katswiri wa nyundo.

Nanga kwathu kuno?

Malawi sali wopanda lamulo pa nkhaniyi. Mu 2003 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo la sayansi ndi luso, limene linakhazikitsa bungwe la National Commission for Science and Technology, ndipo lamulo lomwelo linalamula kuti pakhale thumba lapadera lothandizira kafukufuku. Bungwelo linayamba nchito mu 2009, ndipo likulu lake liri ku Lilongwe. Limaitana anthu kuti apikisane pa ndalama za kafukufuku, nthawi zambiri mothandizana ndi abwenzi akunja. Mu 2014 sukulu yaukachenjede ya sayansi, Malawi University of Science and Technology, inatsegulidwa ku Thyolo, kumtunda kwathu komweku. M'chaka chomwecho bungwe la UNDP ndi anzake anayambitsa thumba la Malawi Innovation Challenge Fund, lopereka ndalama zosabweza kwa makampani amene ali ndi nzeru yatsopano pa ulimi kapena pa kupanga katundu, malinga nawonso aikepo gawo lao lalikulu. Mu January 2021 dziko linalandira masomphenya a Malawi 2063, amene amaika ulimi wamalonda ndi mafakitale patsogolo. Ndipo maiko a mu Africa, Malawi ali momwemo, anagwirizana kalekale kuti aliyense aziika 1 mwa 100 wa chuma chake cha pa chaka pa kafukufuku.

Pa pepala, tsono, nyumba iripo. Chimene ine ndikuona nchakuti makomo ake anayang'ana kwina. Mipikisano ya kafukufuku imalengezedwa m'Chingerezi, pa intaneti, ndipo mafunso ake anakonzedwera aphunzitsi a m'masukulu aukachenjede. Thumba lofuna kuti nawe uikepo gawo lako limayenera kampani imene iri kale ndi mabuku oyesedwa ndi akauntanti. Kumbali inayo kuli mabungwe amene amafikadi kwa anthu wamba, monga limene linapatsidwa dzina la NEEF mu 2020, koma nchito yake ndi yokongoza. Ndipo taona kale kuti ngongole siiyenera munthu woyesa. Pakati pa mphunzitsi wamkulu ndi wogula mbuzi pali malo opanda mwini, ndipo mmisiri wathu uja waima pomwepo.

Nkhani ziwiri za m'dziko lathu lino zionetsa kusiyana kumene thandizo limabweretsa. Mu 2009 mnyamata wa ku Mulanje, Gabriel Kondesi, amene anadzipangira yekha nyumba youlutsira mau yotchedwa Pachikweza ndi zidutswa za mawailesi akale, anamangidwa chifukwa choulutsa mau wopanda chilolezo, nalipitsidwa K50,000. Lamulo la mafunde a wailesi liri ndi chifukwa chake, sindikulitsutsa. Koma nzomvetsa chisoni kuti dzanja loyamba la Boma limene linamupeza linali la wapolisi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali mnyamata wosiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anatukulidwa makamaka ndi anthu akunja atamva mbiri yake.

Yerekezani ndi makina otchedwa Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kuti apume. Anapangidwa ndi ophunzira ndi aphunzitsi a Rice University ya ku Texas pamodzi ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mphamvu yake imachokera ku timapampu totchipa timene timapopera mpweya m'mabokosi a galasi osungiramo nsomba. Nzeru yake si yozama kuposa ya Kondesi. Koma iwo anali ndi ndalama zoyesera, anali ndi chipatala choyeseramo, ndiponso anali ndi anthu olemba manambala. Poyesa pa chipatalapo anapeza kuti mwa makanda 100 obvutika kupuma, opulumuka anali 71 pamene panali makinawo, koma 44 okha pamene ankangopatsidwa mpweya mwa njira yakale. Manambala amenewo ndiwo anatsegula matumba ena, makinawo nafika m'zipatala za m'maboma.

Chigwa chathu ngati malo oyeseramo

Anthu a kuno sanayambe lero kupanga zinthu. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859 nafika kwa Chibisa, anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi, akuomba nsalu, ndiponso akusula makasu ndi chitsulo chosungunula okha. Makolo amenewo analibe thumba la Boma, koma analinso opanda sitolo yowagulitsa khasu la kunja pa mtengo wotsika. Mmisiri wa lero akulimbana ndi mafakitale a dziko lonse lapansi.

Ndipo luso latsopano lafika kale pakati pathu, tisanalifunse. Mu 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anapatula malo ku Kasungu oyeserapo tindege touluka topanda munthu m'kati, ndipo mu 2020 anatsegula sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa tindegeti. M'chaka chomwecho kampani ya ku Australia, Swoop Aero, inkaulutsa tindege tonyamula mankhwala, katemera ndi magazi okayezetsa pakati pa zipatala za ku Nsanje ndi Chikwawa, pa ndalama za abwenzi akunja. Aliyense wodziwa m'mene anthu a ku Makhanga amatsekeredwera madzi akasefukira sangainyoze nchito yotere. M'midzi ya Nyamvuwu ndi Chimombo ku Nsanje, ndi Mwalija ndi Oleole ku Chikwawa, munamangidwa timalo topangira magetsi a dzuwa othirira mbeu ndi kuunikira, pa thandizo la maiko a ku Ulaya. Zonsezi nzabwino. Funso langa ndi ili lokha: mwa ndalama zonse zoyesera zimene zadutsa m'chigwa chino, ndi zingati zimene zinalowa m'manja mwa mmisiri wobadwira kuno? Kawirikawiri ife takhala bwalo loyeserapo nzeru za ena, ndipo pulojekiti ikatha, batire ikafa, timayang'ana ku msewu kudikira galimoto ya bungwe. Akulu anati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka.

Chikubwerachi nchachikulu koposa. Ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, imene inayamba kukumbidwa mu 2020 kuchokera pa Kapichira, inakonzedwa kuti idzathirire mahekitala 43,370 kufikira ku Bangula, pa ndalama za World Bank, African Development Bank ndi ena. Minda yotere imafuna zitseko za madzi, zoyezera chinyezi cha nthaka, makina osalaza minda, zoumitsira ndi zosungira zokolola, ndi anthu ozikonza zikaonongeka. Zimenezi wina adzazipanga ndipo wina adzalipidwa. Ngati amisiri a kuno sathandizidwa kuyesa tsopano, zonse zidzabwera pa lole kuchokera ku Johannesburg ndi ku China, ana athu nadzakhala alonda a pa geti.

Mabvuto ofuna nzeru sitisowa. Mijigo yambiri ya kuno imatulutsa madzi a mchere. Nsomba za m'dambo la Elephant Marsh zimaonongeka zisanafike pa msika, chonsecho ku nyanja ya Malawi anayesa kale nyumba za pulasitiki zoyanikiramo nsomba ndi dzuwa. Pamene mbozi za ntchemberezandonda zinalowa m'dziko muno, mpaka Boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu December 2017, alimi anayesa masamba a nimu, dothi, phulusa ndi msuzi wa nsomba. Mankhwala a nimu oyezedwa bwino, a mlingo wodziwika, oikidwa m'botolo, angakhale malonda a munthu wa kuno, kumene mitengoyo iri pa khomo liri lonse. Za madzi osefukira sindichita kunena: 2015, Idai mu 2019, Ana mu January 2022 amene anaononga damu la Kapichira nazimitsa makina a mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi, ndi Freddy mu March 2023. Kachipangizo kotchipa koikidwa pa Mwanza kapena pa Ruo, koliza mafoni a anthu a kumunsi madzi akayamba kukwera usiku, nkofunika kuposa misonkhano khumi.

Zimene ziri m'manja mwathu

Pali zimene tiyenera kupempha kwa otilamulira, ndipo tizipemphe mwa ulemu koma mosabisa mau, kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, kwa makhansala ndi kwa aphungu. Choyamba nchakuti unduna uliwonse umene uli ndi ndalama za kafukufuku upatuleko kagawo, kangachepe bwanji, ka amisiri ndi makopaletivi, ndi kuti kalengezedwe m'Chichewa pa wailesi ndi pa bolodi la ku khonsolo. Ndalamazo ziperekedwe pang'onopang'ono, gawo lachiwiri lidikire umboni wa gawo loyamba. Maina a olandira, ndi zimene analonjeza, zipachikidwe poyera. Pakuti thumba lotere likabisika limasanduka la achibale ndi a chipani, ndipo likatero bola likanapanda kukhalapo. Boma likhalenso wogula woyamba. Chipatala kapena sukulu ikagula zipangizo 20 kwa mmisiri wa kuno, yamthandiza koposa satifiketi ya pa chionetsero.

Koma nafenso tiri ndi mbali yathu, ndipo apa ndilankhula ndi inu aphunzitsi, popeza m'mudzi uliwonse mumamdziwa munthu amene anzake amamseka kuti ngwopenga ndi mawaya. Muuzeni agule kope. Alembemo tsiku limene anayesa, zimene anagula ndi mtengo wake, chimene chinachitika, ndi chimene anasintha. Ayerekeze: mzere uwu wathiridwa nimu, uwo sunathiridwe, ndipo pokolola ayeze zonse ziwiri pa sikelo imodzi. Amene amagawa ndalama za kafukufuku sakhulupirira mau akuti "zimagwira kwambiri". Amafuna kuona kope lotere, ndipo pa ichi akulondola. Ngati sadziwa kulemba bwino, mwana wa sekondale amlembere.

Alembetse malonda ake ku Boma, kapena alowe m'kopaletivi yolembetsedwa, pakuti ndalama za msonkho siziperekedwa kwa munthu wopanda dzina m'kaundula ndi wopanda buku la ku banki. Apite ku malo a kafukufuku wa ulimi wothirira a Kasinthula, pafupi ndi boma la Chikwawa, kapena kwa alangizi a ku Ngabu, akaonetse chimene wapanga; kalata yopempha ndalama yosainidwa ndi mmisiri pamodzi ndi katswiri wa pa malo otere imalemera kawiri. Chinthu chodyedwa kapena chothira m'mbeu chisagulitsidwe chisanayezedwe ndi a Malawi Bureau of Standards kapena ena oyenera, chifukwa nzeru yatsopano ikhoza kupweteka anthu monga ikhoza kuwathandiza. Ndipo ngati nzeruyo njachilendodi, asafulumire kuionetsa yonse pa Facebook kapena pa chionetsero, pakuti lamulo loteteza nzeru za munthu limateteza chimene sichinaululidwe. Ayambe wafunsa ku ofesi ya Boma yoona za lamuloli.

Chenjezo lina ndi la akuba. Kumene kwamveka ndalama zosabweza kumabwera anthu a zikwama ndi mauthenga a pa foni, onena kuti tumizani kangachepe kuti dzina lanu lilowe m'ndandanda. Munthu wotere mufunseni dzina la ofesi imene yamtuma, ndipo musanatulutse tambala mupite nokha kwa Bwanamkubwa kapena kwa mkulu wa zamalonda ku khonsolo mukafunse ngati mpikisanowo ulipodi.

Wolandira ndalamazi adziwenso kuti walandira katundu wa anthu. Zikatha kasefa kasanagwire, palibe mlandu, malinga aonetse malisiti ndi kope lija, nafotokoze pamene panakanika, kuti wobwera pambuyo pake asadzatayenso chilimwe pa njira yomweyo. Koma akagulira malata a nyumba yake kapena njinga yamoto, wabera amisiri anzake onse a m'chigwa, chifukwa chaka chamawa ogawa ndalama akadzaona fomu yochokera ku Nsanje adzaiika pansi pa zinzake.